Nyanja Itachoka ku Beira

Ndinalota ndili ku Beira ndi mwana wanga Tadala, tikungoyendayenda mumzinda, tikumwa madzi a kokonati. Misewu inkanunkha nsomba zouma. Titafika kugombe tinapeza nyanja yachoka, patsala mchenga wonyowa. Tadala anavula nsapato n'kuthamangira komweko kukatola zigoba za nkhono.

Mayi wina wogulitsa nkhanu anandigwira mkono, dzanja lake lili zii. "Bambo, iyi si nyanja yakwanu ija. Ino imabwerera."

Ndinati ndikuwe, koma m'kamwa munadzaza mchenga. Madzi ankabwera mwakachetechete kumbuyo kwa mwanayo, iye akundionetsa chigoba, akuseka.

Ndadzuka milomo ili ndi mchere. Kaya ndi thukuta chabe, kaya. Tadala walongedza kale kachikwama kake, poti ulendo wathu wa ku Beira ndi mawa.