Kapinga wa M'paki

Dzuwa lisanafike pamutu, Mayi a Mapasa anali atamaliza kale. Anaimika khasu n'kuyang'ana pamene analima: dothi lokhalokha, loyera bwino, kuchokera pa mabenchi atsopano mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Linali tsiku lawo loyamba pa ntchito m'paki yatsopano, ndipo ankafuna a kapitawo aone kuti sanalembe mlesi.

Mlamu wawo, amene anawapezera ntchitoyo, anatulukira akukankha wilibala ya maluwa. Anangoti chilili.

"Mlamu! Kapinga uja ali kuti?"

"Uyo ndaunjika apo. Ndazula ndi mizu yomwe."

"Mayo ine! A kapitawo anakuuzani chiyani?"

"Anati, 'Kakonzeni kapinga.' Ndiye ndamukonza."

"Kukonza kwake n'kumeta ndi kuthirira! Anthu avutika kubzala ameneyu, ndipo mawa akutsegulira paki!"

Mayi a Mapasa anayang'ana mulu wa kapinga uja. Dimba lawo linali pomwepa asanamange mpanda wa paki, ndipo zaka zisanu analimbana ndi kapinga yemweyu pakati pa tomato. Mdani n'kumuthirira madzi? Koma dimba linapita. Chotsala ndi ntchito iyi, ndi ana awiri amene anawasiya kwa aneba.

A kapitawo anabwera chothamanga, chipewa chili m'manja, dazi likunyezimira thukuta. Anazungulira muluwo kawiri.

"Safunsa anadya phula! Mayi, tulani khasu muzipita."

Mayi a Mapasa sanatule.

"Bwana, munalimapo dimba inu?"

"Zikukhudzana bwanji?"

"Kapinga safa. Ine ndamuyanika padzuwa, ndamutentha, ndamutaya mumtsinje. Mvula ikangowaza, uyo wadzuka akundiseka. Uyu ndamuzula m'mawa womwe uno, sanadziwe n'komwe kuti wazulidwa. Mundipatse paipi ndi amayi awiri."

"Nanga mawa akuluakulu adzapeze dazi pakati pa paki?"

"Dazi timaphimba, bwana," anatero mlamu uja, maso ali pa chipewa. "Muikepo mipando ya alendo. Munthu akakhala pampando sayang'ana pansi."

Amayi amene ankabzala maluwa chapafupi anabisa nkhope m'mipango. A kapitawo anavala chipewa msangamsanga, nayang'ana wotchi, nayang'ananso mulu uja.

"Akapanda kuphuka pofika Lachisanu, ndisadzakuoneni pageti."

"Akapanda kuphuka, ndiye kuti si kapinga."

Paipi inabwera. Mayi a Mapasa anakunga chitenje, nagwada m'matope. Anatenga tsinde loyamba, ndipo dzanja linafuna kuliponya kutali monga mwa chizolowezi. Analigwira, nalikwirira, natsindira ndi chala chachikulu.

"Mera, mdani iwe," ananong'ona. "Unandivutitsa zaka zisanu. Lero undidyetsere ana."

Kenako anatembenuka.

"Mlamu, musanachoke. Akadzati 'kakonzeni maluwa', ndiye kutani?"