Mzere wa Choko m'Galaja ya Bambo

"Gwira apa," anatero achimwene ake, uku akumuponyera nsonga ya tepi yoyezera. "Ungogwira, usakoke."

Sipanala sanagwire. Tepiyo inatsetsereka pabondo pake, kugwera pafupi ndi tayala la chikuku chake choyendera, kenako inadzikulunga yokha kubwerera kwa mwini wake. Achimwenewo anatsonya, nkupatsira nsongayo mlendo amene anabwera naye.

Bambo awo anali atangoikidwa m'manda. Mipando yobwereka inali idakali panja, mbale za anthu zisanabwezedwe, mawu a amayi awo asanabwerere pakhosi chifukwa cha kulira. Koma mwana wachisamba, yemwe ankagulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, anali atalowa kale m'galaja ya malemu ndi tepi m'manja, atavala thalauza yomwe ija anaimirira nayo pamanda. Pali anthu ena amene chisoni chawo chimauma msanga kuposa mpango wonyowa.

Mlendoyo anali wogulitsa malifiti, makina aja okwezera galimoto m'mwamba kuti makaniko azigwira ntchito kunsi kwake. Anali ndi nsapato zosongoka ndi mafuta onunkhira mpaka kuphimba fungo la oilo, lomwe linali fungo lokhalo la malemuwo lotsala panyumbapo. Polowa ananena kuti, "Pepanitu ndi zovuta," ndipo mpweya womwewo usanathe anali atatambasula kabuku ka zithunzi pa tebulo la Sipanala, pamwamba pa sitata ya galimoto yomwe mtsikanayo ankakonza. Dzanja linalo linali litapeza kale mbale ya mabisiketi otsala pamaliro.

"Imene ikuyenerani inu, bwana, ndi iyi ya mizati inayi," anatero akutafuna. "Galimoto imodzi pamwamba, ina pansi. Malo a imodzi, mwasungapo ziwiri."

"Wamva, mlongo?" anatero achimwene aja. "Kwanga kwadzaza. Ziwiri zizigona muno."

"Nanga tebulo langa?"

"Mzati wakumbuyo ukugwera pomwepo. Lichoka."

"Lipita kuti?"

"Iwe, wavutika mokwanira. Uzikapuma m'nyumba. Kapena ubwere kwathu, uzikathandiza alamu ako kuyang'ana ana. Mtsikana kukhalira girisi m'zikhadabo, ndiye chiyani?"

Sipanala anayang'ana tebulo lake. Tebulo limenelo ndi lokhalo limene linamutsalira. Dzina lakelo anamupatsa ndi bambo ake ali kamwana, chifukwa ankathamanga kukawatengera sipanala asanamalize kuitchula. Anakula ali kunsi kwa magalimoto, phewa ndi phewa ndi mdala wamfupi, wosalankhulalankhula uja, yemwe chiphunzitso chake chinali chimodzi tsiku ndi tsiku: "Usamamasule nati mkono utawongoka. Pinda chigongono, mphamvu ili pamenepo."

Kenako linafika tsiku limene jeke inaterereka, galimoto nkumugwera pamsana. Amene ankapopa jekeyo anali bambo ake. Chichokereni kuchipatala ali pachikuku, mdalayo anamukhomera tebulo pakona kuti azikonzerapo masitata, nkumuletsa kuyandikira galimoto ili yonse. Za tsikulo sanazitchulepo, ndipo ankalankhula naye maso ali pa zipangizo.

Miyezi yomaliza ya moyo wawo ndi imene anadwala nthenda ya lifiti. Anakwirira dzenje lakale lokonzeramo galimoto, kuthira simenti yatsopano yosalala, kugumula sitepe ya pakhomo, kuchotsa siling'i, nkudzaza pansi ndi pakhoma ndi mizere ya choko. Sipanala ankaziona zonsezo ali pakona pake, zikumunyansa. Lifiti ndi ya anthu oimirira. Iye anaona kuti mdalayo akukonzera malo makaniko wina wa miyendo iwiri, ndipo sanafunse, chifukwa sankafuna kumva yankho.

"Komatu malemu anali kasitomala wovuta," anatero wogulitsa uja, akudzikuntha nyenyeswa pa tayi. "Mzimu wawo uuse mumtendere, koma anandidya mutu. Ndinawaonetsa ija yopingasa ngati sizasi, akuti imatseka pakati. Ndinawaonetsa ya mizati iwiri yotsika mtengo, akuti ayi, ili ndi chitsulo chodutsa pansi pakati pa mizati. Ndikuti, mdala, kachitsulo kameneka ndi kophimbira zingwe basi, kutalika kwake ngati chala, mungopondapo nkudutsa. Akuti, sindifuna chopunthwitsa pansi panga. Ankafuna ija zingwe zake zimadutsa pamwamba, pansi pali see."

"Ndi bambo amenewo," anatero achimwene aja. "Chilichonse mpaka chivute."

"Ndiye akuti batani lokwezera mulitsitse, likhale apa." Wogulitsayo analoza m'chiuno mwake. "Ndikuti, mdala, kodi mwalemba ntchito mwana wa mkaka?"

Awiriwo anaseka chikhakhali, m'nyumba ya maliro. Sipanala ankaona bisiketi yotafunidwa m'kamwa mwa mlendoyo, ndipo anatembenuza nkhope.

Achimwene aja anayamba kufufuta ndi nsapato mabwalo awiri a choko omwe anali pansi, pomwe malemu ankafuna kuimika mizati. Atamaliza anapita pakhoma. Panali mizere ingapo yofufutidwafufutidwa, koma umodzi unali wokhuthala, wobwerezedwa kangapo, ndipo unkawalekeza pachifuwa.

"Nanga uwu ndi wa chiyani? Galimoto ikalekeza apa, munthu alowa chokwawa?" Anatulutsa kampango, kukalavulira, nkukweza dzanja.

"Siya mzere umenewo."

Anali amayi awo, ataima pakhomo lochokera kukhitchini. Mawu awo anali osasa, koma anamveka. Analowa pang'onopang'ono, osamuyang'ana mlendo uja, napita kuseri kwa mulu wa matayala. Kumeneko anavundukula lona, nkutulutsa chikuku chakale cha Sipanala, chija anabwera nacho kuchokera kuchipatala, chomwe iye ankayesa kuti chinaperekedwa kwa ena kalekale.

"Amayi, tikuyeza zinthu muno," anatero mwana wachisambayo.

"Zinayezedwa kale." Anakankha chikukucho mpaka pansi pa mzere uja. "Tsiku lililonse limene mlongo wakoyu ankapita kuchipatala kolimbitsa msana, bambo ako ankatseka chitseko, nkukhala umu. Ndinawapezerera tsiku lina ndikubweretsa tiyi. Munthu wamkulu, wa miyendo yake, akudziyendetsa kuchoka uko kufika uko, manja ali m'mwamba ngati akumasula chinthu chosaoneka. Anagoneka thabwa pansi kuti aone ngati chikuku chingadutse pa kachitsulo kanu kaja," apa anamuyang'ana wogulitsa uja koyamba, "ndipo chinawagwetsa chafufumimba. Bondo linatupa sabata yonse. Anandiuza kuti ndikaulula andithamangitsa."

Wogulitsa uja anabweza mwakachetechete bisiketi imene anali atatenga, yolumidwa kale, m'mbale momwemo.

Sipanala anamva kutentha kumaso. Sichinali chisoni chokha, unalinso mkwiyo.

"Ndiye osandiuza bwanji? Miyezi yonseyi ine ndikuwayang'ana ngati mdani?"

"Bambo ako ankadziwa kuuza munthu chinthu? Ine amene anandifunsira ukwati pondikonzera njinga. Ankati lifitiyo uione itaima kale."

Achimwene aja anapinda kampango kawo. Nkhope yawo inali itasintha, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati munthu.

"Ndiye mukufuna alowenso kunsi kwa galimoto? Amayi, sizinakukwaneni? Ndinamunyamula ndine tsiku lija. Magazi ake anali pa malaya anga."

"Ndinawafunsa zomwezo," anayankha amayiwo. "Ndinalira, ndinawatukwana. Anandiyankha kuti, mwana uja tinamutulutsa kunsi kwa galimoto, koma chitulukireni wamumvapo akuseka?"

"Zimenezo ndi zamisala. Ine ndikufuna kumuteteza."

"Ukufuna pogoneka magalimoto ako," anatero Sipanala. Mawuwo anatuluka okha. "Mukanafuna kunditeteza, achimwene, mukanandifunsa kaye musanabweretse munthu kudzayeza pomwe ndimakhala. Mwandiponyera tepi ngati ndine msomali wapakhoma."

Umunthu uja unachoka pankhope ya achimwenewo msanga ngati momwe unabwerera.

"Wamkulu pano ndine. Bambo kulibe, zosankha zili kwa ine."

"Bambo ako kulibe, koma ine sindinafe," anatero amayiwo. "Galaja iyi inamangidwa ine ndikutunga madzi osakanizira simenti, iwe uli kumsana. Muno mulowa imene anasankha mwini wake, ndipo tebulo silisuntha."

Wogulitsa uja, yemwe mphuno yake inkadziwa kununkhiza komwe mphepo yalowera, anali atatsegula kale tsamba lina.

"Mayi, kunena zoona, ya zingwe zapamwambayo ndiye yapamwambadi. Ine ndinkawauza malemu kuti ali ndi diso. Batani kulitsitsa ndi nkhani yaing'ono. Ndipo kwa achemwali athuwa, ndi mmene alilimu..."

"Mmene ndililimu bwanji?"

Munthuyo anayamba kutseka kabuku kake.

"Siyani kabukuko, muzipita," anatero Sipanala. "Tikafuna kugula tikafunsa kwina. Bisiketi mwalumayo mutenge."

Anaitengadi. Zimenezo ndi zimene zinamunyansa Sipanala koposa zonse: anaitola, kuiika m'thumba la jekete, nkutuluka akuwerama. Achimwene aja anamutsatira, akulankhula okha za anthu osayamika, ndipo anamenyetsa chitseko cha galimoto yawo mwamphamvu kuti nyumba yonse imve kuti akwiya. Amayi anaima pang'ono, anatola mbale ija, napita kukhitchini. Ankamudziwa mwana wawo kuti salira pamaso pa anthu.

Fungo la mafuta a mlendo uja linatenga nthawi kuti lichoke. Sipanala anadziyendetsa kufika pa chikuku chakale chija. Pa zitsulo zoyendetsera matayala panali zidindo za zala zakuda ndi girisi, zala zazifupi, zonenepa, zosakhala zake. Pampando panali ovolosi ziwiri zakale zopindidwa bwinobwino, nkusanjikizidwa. Anaziyang'ana kanthawi asanamvetse. Bambo ake anali aafupi kuposa iye, ndiye ankadziwonjezera msinkhu kuti akhale ngati iyeyo.

Anakankhira chikukucho pambali, nkuimika chake pamalo pomwepo. Simenti inali yosalala, matayala sanagunde kanthu. Anatenga sipanala patebulo, anatsamira khoma ndi phewa, nakweza dzanja. Mkono utawongoka, sipanalayo inapitirira mzere uja ndi chikhatho chathunthu, ndipo mtima wake unagwa poganiza kuti mdalayo analakwitsa muyezo.

Kenako anapinda chigongono, ndipo sipanalayo inalekeza pa mzere pomwepo.