Piritsi la m'Chingerezi

A Gilford, telala wa pakhonde la golosale ina ku Chinsapo, anasoka kolala ya shati n'kuimasula, kuisokanso n'kuimasulanso. Mapazi anali pa makina, koma mtima unali m'kadirowa ka kumanja, momwe pansi pa mabatani ndi tizidutswa ta nsalu munagona kabotolo koyera ka kuchipatala.

Anali ma ARV. Anawalandira mwezi wathawo, chaka chimenecho cha 2006 boma likupereka ulere, koma kabotoloko kanali kasanatsegulidwe. Akati ayambe lero, kasitomala ankatulukira. Akati mawa, ankakumbukira anyamata a pabawo, amene aliyense wonenepa mwadzidzidzi ankamunena kuti waonjezera mayunitsi, kutanthauza kuti wayamba kumwa ma ARV. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, wosaopa ngakhale landilodi, ankanjenjemera ndi kabotolo kochepa ngati ka mafuta a makina. Chifuwa nacho sichinkawapatsa mpata. Akazi awo anayamba chomwecho, ndipo tsopano anali m'manda kwawo ku Dedza.

Masana amenewo mwana wawo mmodzi yekhayo, Pamela, wa Folomu 2, anafika kuchokera kusukulu. Anadziponya pabenchi ya makasitomala n'kuyamba kuloweza za mayeso mokweza, khalidwe lake losowetsa anthu mtendere lija.

"A bitter pill to swallow. A bitter pill to swallow."

Makina anaima. A Gilford sukulu analekezera Sitandade 8, koma mawu atatuwo ankawadziwa bwino lomwe: kuwawa, piritsi, kumeza. Ndiye kuti mwanayu wapisa m'dirowa, ndipo m'malo mofunsa mwaulemu kunyumba, wasankha kuwayalutsa m'Chingerezi pakhonde la eni, a Abdullah eni golosale ali potero akupunga mphepo. Anapirira mpaka a Abdullah atalowa kukagulitsa sopo.

"Iwe, wakupatsa ndani chilolezo chogwira zinthu zanga?" anafunsa motsitsa mawu, koma mwaukali. "Mankhwalawo ndi anga. Ndidzamwa tsiku limene ndafuna ine."

Pamela anangoti kukamwa yasa. Kenako anafotokoza mwachibwibwi kuti ndi mawu okuluwika amene aphunzitsi awapatsa lero lomwe. Mulibemo piritsi m'menemo, mulibemo chipatala. Azungu amatero ponena za choonadi chowawa chimene munthu sangachithawe, chofunika kungochivomereza, monga kulephera mayeso kapena timu yako kugonja pakwawo. Atafika pamenepo anaima, n'kutseka buku pang'onopang'ono.

"Mankhwala ake ati, adadi?"

A Gilford anadzigwiritsa okha, popanda wowafunsa. Anayesa kunena za panado, anayesa kumutuma chingwa, anakalipira Chingerezi chonena piritsi pomwe palibe piritsi. Pamela sanamve zonsezo. Anadzuka, anakoka kadirowa, mabatani n'kumwazikira pansi. Mabotolo otere anali atawaona pazithunzi ku kalabu ya zaumoyo kusukulu, choncho sanafunse kuti n'chiyani. Chimene anayang'ana ndi chivindikiro, n'kupeza kuti sichinakhudzidwepo.

A Gilford ankayembekezera misozi, ndipo misozi akanadziwa pothera nayo. Koma mwanayo anakwiya, mkwiyo weniweni wa malemu mayi ake, wosalankhula zambiri. Analowa m'golosale, anapempha madzi m'kapu, anabwera n'kuwaika pa makina, pamwamba pa kolala ya eni.

"Amayi mankhwala awa sanawapeze. Inu mwawapeza n'kuwasunga pamodzi ndi mabatani. Mukufuna ine ndidzatsale ndi ndani?"

Bamboyo anayang'ana kumsewu. Pabawo panali podzaza, wa kabaza ankadutsa, a Abdullah anali atabwerera pakhomo. Ananong'ona kuti anthu akuona, adikire akafike kunyumba. Pamela sanasunthe. Anatsegula kabotolo, anagwetsera piritsi limodzi m'dzanja lake n'kutambasula mkono. A Gilford atamuyang'ana kumaso anaona kuti mwana wawo ali ndi mantha oposa awo, ndipo anachita manyazi.

Anatola piritsi lija, analiponya kukhosi, anagugudiza madzi onse.

"Silikuwawa n'komwe," anatero.

Pamela sanaseke. Anatseka kabotolo mwamphamvu n'kukalowetsa m'chikwama chake cha sukulu, pakati pa mabuku.

"Lamadzulo ndikupatsani ndine," anatero, n'kuwerama kutola mabatani.