Chogwirira cha Msinkhu Wanga

Amuna anga ankakonda kapinga kuposa mmene amuna ena amakondera mpira. Bwalo lathu si lalikulu, mukayanikapo mabulangete angapo ladzaza, koma Loweruka lililonse ankanola chikwakwa pamwala wa kuseri kwa bafa n'kumatchetcha mosamala ngati akumeta khanda. Ine ndinkawanena kuti anandiika pamitala ndi udzu. Iwo ankayankha kuti mkazi mnzangayo ndi wabwino chifukwa salongolola.

Chaka chimenecho mvula isanayambe, dokotala anatikhazika pansi m'kachipinda kake n'kutiuza kuti chotupa cha m'mimba mwawo chinali chitafalikira, ndipo chotsala chinali mankhwala opha ululu basi. Abambo anamuthokoza dokotalayo mwaulemu. Ine ndinatuluka osatsanzika, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo ndinailetsa m'nyumba mwanga. Akati aiyambe, ndinkathawira kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Mumtima ndinkati chimene sunachivomere sichilowa pakhomo.

Mvula itagwa, kapinga anakula ndipo chikwakwa chinawalemera. Anachizunguza pang'ono n'kukhala pansi, thukuta lili kamukamu.

“Mayi,” anatero atapuma, “mawa tipite tikaone makina otchetchera kapinga. Otchipa, osati a mabwana.”

Ndinasangalala kwambiri. Munthu wogula makina ndiye kuti akuona kutsogolo, ndipo ndinawasitira shati yawo yabwino ndikuimba.

Sitolo ya zipangizo inkanunkha penti ndi mphira. Makinawo anali kumapeto, kuseri kwa mawilibala ndi mapaipi othirira. Wogulitsa anali bambo wonenepa, pensulo ili kukhutu, pakamwa pothwa. Anatikokera makina ofiira a petulo.

“Awa ndiye a amuna, madala. Mukangokoka chingwe ichi, mwamaliza tiyi asanazizire.”

“Titenge omwewa,” ndinatero ine msangamsanga.

“Mayi, takokani chingwecho,” anatero abambo.

“Ndikokerenji ine? Ndine wotchetcha?”

“Tangokokani timve.”

Ndinakoka. Chingwe chinali cholimba moti chinangotuluka pang'ono n'kubwerera, phewa langa n'kulira. Abambo anapukusa mutu n'kupita pa makina a magetsi. Anawanyamula pang'ono, n'kuyang'ana nthambo yake yaitali ija.

“Akazi angawa angadule nthamboyi,” anauza wogulitsayo. “Amayiwa akamagwira ntchito sayang'ana pansi, maso amakhala kwa aneba.”

Wogulitsa anaseka, inenso ndinaseka, osazindikira kuti dzina langa likulowa bwanji pa makina a mwini wake.

Pakona panali timakina tobiriwira todzaza fumbi, topanda injini, mawilo awiri ndi mipeni yopindika yozungulira pakati. Wogulitsa anatiuza mosakondwa kuti amenewo ndiwo otchipa kuposa onse. Safuna petulo, safuna magetsi, umangokankha, n'kumadonthezera oyilo ndi kunola mipeni mwa apo ndi apo. Nkhope ya abambo inawala.

Ine mtima unandipsa. Munthu wolephera chikwakwa azikakankha chitsulo ndi mphamvu zake, chifukwa chokakamira kupulumutsa ndalama?

“Inu abambo, kuumira kwanuku mudzapita nako ku...”

Mawu omalizawo ndinawameza. Ndi mawu amene ndinkawauza tsiku ndi tsiku kuyambira tili achinyamata, koma tsiku limenelo sanalinso nthabwala. Abambo anachita ngati sanamve.

Chogwirira cha makinawo chinali ndi zibowo zitatu zosinthira kutalika kwake. Amuna anga anali aatali, ine ndine wamfupi, moti anthu ankati tikamayenda limodzi timakhala ngati munsi ndi mtondo. Wogulitsa atawayang'ana, anatenga sipanala n'kuyamba kumanga pachibowo chapamwamba.

“Tsitsani,” anatero abambo. “Chibowo chapansi.”

“Madala, muthyoka msana.”

“Tsitsani, ndipo mabawutiwo mumange zolimba. Mayi, taimani apa.”

Ndinaima. Chogwirira chinandifika m'chiuno ndendende, manja anga n'kugwerapo okha. Apo m'pamene ndinamva zonse: chingwe chija, nthambo ija, ulendo wonsewo. Munthuyu sanabwere kudzadzigulira makina. Ankandiyeza ine.

Ndinachotsa manja ngati ndagwira poto wamoto, n'kukawadikirira panja.

“Makina anuwa ine sindidzawagwira,” ndinawauza titafika kunyumba. “Mwagula nokha, muzitchetcha nokha, chaka chino, chaka chamawa ndi chinacho.”

“Chabwino, mayi,” anatero, osatsutsa.

Anatchetchadi okha, atawerama ngati munthu wofunafuna singano. Ndinkawaonera pawindo, mkwiyo ndi chisoni zikulimbana m'chifuwa. Tsiku lina ndinawatengera sipanala kuti akweze chogwiriracho, iwo anaibwezera m'bokosi. Kenako tsiku linafika loti anangotchetcha mzere umodzi n'kuwasiya makinawo pakati pa bwalo. Ndinawasiya pomwepo mpaka aneba anawakokera pakhonde kuopa mvula.

Kapinga alibe chisoni. Anakula mpaka kubisa njerwa za m'mphepete mwa kanjira. Aneba anadzipereka kuti atchetche, abambo anakana. Mwana wathu wamwamuna, yemwe amagwira ntchito kutali, anaimba foni kuti apeza waganyu, anakananso. Ankangokhala pampando pakhonde atafunda bulangete, n'kumayang'ana udzuwo. Sanandipemphenso, ndipo kusapemphako kunkandipweteka kuposa mawu. Ndinkadziwa kuti ndikangokankha makinawo iwo akuona, ndiye kuti ndavomera.

M'mawa wina ndikuwapukuta kumaso, ndinaona kuti kolala ya shati ija inali itawakulira. Anandigwira dzanja.

“Mayi, ine sindikuthamangira kupita ayi. Ndikungofuna ndikuoneni mukutha. Ndikaona, mtima ukhala m'malo.”

Ndinakataya madzi, ndinamanga nsalu m'chiuno, n'kutsitsa makinawo pakhonde. Nditakankha, mipeni inatsamwa udzu, mawilo n'kumangokhwekhwereza.

“Mwachedwa nawo,” anatero ali pampando. “Amenewo safuna udzu wautali. Yambani ndi chikwakwa, mudikire mame aume.”

Ndinatchetcha ndi chikwakwa monyanyala, kwinaku ndikudzula nthaka, manja n'kutuluka matuza. Ndinasesa udzuwo, dzuwa litakwera ndinabwerera ku makina. Ulendo uno mipeni inazungulira, ikulira tchetchetche, tiudzu tikundigwera kumapazi.

“Yambirani kumpanda. Wilo lizidutsa pamene mwatchetcha kale, musasiye ndevu pakati. Musathamange, palibe akukuthamangitsani.”

Mawu awo anali ochepa mphamvu koma ulamuliro unali womwe uja. Ndinkalira osabisa, misozi ikundilepheretsa kuona, ndipo mizere yanga inali yokhotakhota. Nditafika pakhonde ndinaima, ndikupuma mwawefuwefu.

“Mzere wachitatuwo wakhota,” anatero. Anayang'ana bwalo lonse kwa kanthawi, kenako anatsamira mpando n'kutsinzina. “Koma mutha, mayi. Mutha ndithu.”

Anatisiya mvula isanathe.

Anthu atabalalika, mwana wathu anatsala nane masiku angapo. Msinkhu anatengera bambo ake. Loweruka anatulutsa makinawo kuti andithandize, ndipo atakankha pang'ono anaima n'kugwira msana.

“Amayi, makinawa ndi a ana asukulu kapena? Sipanala ili kuti ndikweze chogwirirachi?”

Anaipeza yekha m'bokosi. Anagwada n'kuyamba kulimbana ndi bawuti, koma bawuti osasuntha.

“Ndani anamanga chonchi?”

“Tasiya,” ndinatero.

“Ndikungofuna ndikuthandizeni, amayi.”

“Ndamva, mwana wanga. Koma si ako.”

Ndinamulanda sipanala n'kuiika m'thumba la epuloni. Mame anali atauma. Ndinagwira chogwirira, n'kukayambira kumpanda.