Ndege Yogwa Pakhomo pa NyaGondwe

Febby anali atangotula thumba la mpunga pachigayo cha pa Hara pamene anaona anthu akuthamangira kumtunda, ena miyala ili m'manja, ena zibonga.

"Kwagwanji?" iye anakuwira mayi wina amene ankathamanga chitenje chikumasuka.

"Ndege! Ndege ya ufiti yagwa pakhomo pa NyaGondwe! Akuti mafuta aithera mbandakucha!"

Febby anasiya thumba pomwepo. NyaGondwe anali mayi wamasiye wokalamba amene ankakhala okha pafupi ndi ngalande yaikulu ya sikimu yothirira mpunga, ndipo munda wawo unkachita malire ndi wa Febby. Pakamwa pawo panali pakuthwa ngati chikwakwa, choncho adani sankasowa. Koma Febby ankadziwanso mmene nkhani zotere zimathera: nyumba phulusa, nkhalamba m'chipatala, mwinanso kumanda.

Anapeza khamu litazinga nyumba. NyaGondwe anali atakhala pansi pakhonde, mpango utagwa, imvi zili pamtetete. Chomwe chinamuopsa kwambiri Febby n'chakuti mayi olongololawo anali chete. Kutsogolo kwa onse kunali Zebedee wa kabaza, amene chaka chatha anakangana ndi NyaGondwe polimbirana madzi a m'ngalande, ndipo mpaka lero mtima unali usanaphwe.

"Onani nokha!" Zebedee ankaloza ndi chibonga ataima patali ndithu. "Nsupa iyo! Nsalu yakuda iyo! Mikanda iyo! Mukufunanso umboni wanji?"

Febby anadzipanikiza pakati pa anthu n'kusuzumira. Pansi panali chubu cha katoni chotalika ngati mkono, chokhala ndi timapiko titatu kumunsi. Pambali pake panali kachikho kong'aluka, komangidwa ndi ulusi ku nsalu yakuda yodulidwa mozungulira. Nsaluyo ankaidziwa: inali ya ambulera yake imene inasowa nthawi ya dzinja. Mikanda yofiira ndi yoyera imene inamwazika kuchokera m'kachikhomo ankaidziwa koposa. Inali yake, ya m'chiuno, imene chingwe chake chinaduka iye n'kuisunga m'chitini kuchipinda.

Mwamuna wake Jeffrey ankakonza mawailesi ndi mafoni pamsika, munthu wofatsa, wosamwa, wosayendayenda. Matenda ake anali amodzi: maroketi. Anawaonera pa foni, mng'ono wake wa ku Joni n'kumutumizira timainjini take tating'ono ngati chala, basi munthu anapenga nazo. Febby sankamupatsa mpata. "Anzanu akugula malata, inu mukumata makatoni. Bambo wa ndevu zake!" Anamunena mpaka Jeffrey anayamba kubisa zinthu zake kushopu, n'kumakaziulutsa kubwalo la mpira kusanache bwino, anthu asanadzuke. Ndiye taonani, munthu wobadwira kuno n'kuiwala kuti mbandakucha ndi nthawi imene anthu amati ndege za afiti zimagwa!

Febby anabwerera kumbuyo n'kuimba foni.

"Bambo a Leticia, muli kuti?"

"Ndili m'mipungamu, ndikufunafuna kanthu kena kake," anayankha Jeffrey mozemba.

"Kanthu kanuko kagwa kwa NyaGondwe, ndipo anthu atola miyala. Tengani zida zanu zonse mubwere. Thamangani!"

Asanabweze foni m'kachikwama, mwala unalira pamalata. Wina anakuwa kuti abweretse petulo. Febby anayang'ana mikanda ija, nayang'ana azibambo amene anadzaza pamenepo: apongozi ake aamuna analipo, mkulu wa mpingo analipo, anyamata a kabaza onse. Mikanda ya m'chiuno siitchulidwa pagulu, ndi ya maso a munthu mmodzi. Manyazi anamugwira. Koma Jeffrey anali kutali, ndipo mwala wachiwiri unagwa pafupi ndi phazi la NyaGondwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Analowa pakati pa bwalo n'kutola chubu chija ndi manja ake. Azimayi anakuwa.

"Ichi ndi cha amuna anga. Chidole choulutsa, amachitcha roketi. Nsalu iyi ndi ambulera yanga."

"Bodza!" anatero Zebedee. "Akudyetsa, ukuwaikira kumbuyo. Nanga mikandayo?"

"Mikandayo ndi yanga."

"Yako ya pati? Sitinakuonepo nayo m'khosi."

"Simunandionepo nayo chifukwa si ya m'khosi, a Zebedee. Kapena mukufuna ndikuonetseni pamene imakhala, mukafotokoze bwino kwa akazi anu?"

Kenako mayi wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, wina n'kulandira, mpaka azimayi onse anali kugwirana mapewa. Apongozi a Febby anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Nkhope ya Febby inkatentha ngati waiyandikiza pamoto, koma anaona kuti manja ena amene anali m'mwamba atsika.

Zebedee sanagonje. "Katoni imauluka? Kuyambira liti? Chimene chimaulutsa zinthu zoterezi tonse tikuchidziwa."

Apo m'pamene Jeffrey anatulukira, matope mpaka m'maondo, chikwama kumsana, wefuwefu. Ataona miyala, nkhope inamugwa. Anapita molunjika pakhonde n'kugwada.

"Mama, pepani. Mphepo ya mwera inandilanda, ndinkaganiza kuti yagwera m'mpunga."



Jeffrey anayesa kufotokozera anthu kuti kainjini kamakankhira chinthucho m'mwamba, kakatha mphamvu mutu umatseguka, nsalu n'kutambasuka kuti chitsike pang'onopang'ono. Ankalankhula motsitsa, akumeza mawu, ndipo anthu anayambanso kung'ung'udza. Febby anamudula.

"Musawalalikire. Iulutseni aone."

"Kainjini katsala kamodzi, amayi a Leticia. Ndimakasungira roketi yaikulu ija..."

Febby anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo Jeffrey anatsegula chikwama.

Anati pafupi ndi nyumba za udzu ndi milu ya mapesi sayatsa, choncho khamu lonse linasamukira pamunda wina wokololedwa kale, pouma. Febby anawagwira dzanja NyaGondwe, osawasiya. Jeffrey anamata kachikho kaja ndi selotepi, kenako anayamba kuthiramo mikanda imene anaitola.

"Imeneyonso ikubwereramo?" Febby ananong'ona mano atalumana.

"Mutu ukapepuka imakhota, ikhoza kulowa m'gulu la anthu. Ndinayesa mchenga, unkatayika."

"Ya Febby yokha ndiye yolemera bwino!" anakuwa mayi anayambitsa kuseka uja, kuseka n'kuyambiranso.

Jeffrey anazika kachitsulo kowongoka pansi, analowetsapo roketi, n'kukoka waya wautali mpaka pa batire ya njinga yamoto. Anabweza anthu onse kumbuyo. Atagwira kabokosi kokhala ndi batani, Febby anamulanda n'kukapereka kwa Zebedee.

"Dinani ndinu. Akadina amuna anga mudzati nawonso ndi omwewo."

"Ine? Ine sindigwira zimenezo."

"Aa, a Zebedee, chibonga chonsecho mukuopa batani?" anatero mnzake wa kabaza. "Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Dinani, dada!"

Zebedee anasiya chibonga, anatambasula dzanja ngati akugwira njoka, anatsinzina, n'kudina.

Fyuuu! Utsi woyera unatsala pansi, roketi inabaya kumwamba mpaka inasanduka kadontho. Ena anathawa, ena anagwa chagada, Zebedee anataya kabokosi n'kukumbatira mkulu wa mpingo. Kumwambako kunamveka kuti phu, nsalu yakuda inatambasuka, ndipo chinthu chija chinayamba kutsika chikugwedezeka, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Chinatera mwaulemu m'munda wa apongozi a Febby.

"Eya!" anakuwa Febby. "Woyendetsa ndege mwamuona nonse. Miyala ija ili kuti?"

Anthu anaseka mpaka misozi, kuseka kwa anthu amene akudziwa kuti anatsala pang'ono kuchita chinthu choopsa. Zebedee anayesa kuseka nawo koma sizinamukhale. Apo NyaGondwe anamanga mpango wawo bwinobwino, mawu n'kubwerera.

"Iwe Zebedee, ndikanakhala ndi ndege, bwenzi ndikukulipira kabaza kupita ku Wovwe, n'kumandigwetsa m'maenje? Chitsiru!"

Febby atamva chitsiru chimenecho, mtima unakhala pansi. Sanaganizepo kuti tsiku lina adzasangalala kumva NyaGondwe akutukwana. Anakhala pamzere wa munda n'kupuma mpweya wautali.

Jeffrey anabwera atanyamula roketi yake, akuyenda ngati galu woba mazira.

"Ndasiya, amayi a Leticia. Ndikaotcha zonse."

"Muotche chiyani? Chimene chikanapha munthu lero si katoni, ndi kubisa. Ndipo wokubisitsani ndine. Kuyambira lero muziulutsa masana, Loweruka, anthu akuona, ndipo muzilembapo dzina lanu. Koma chitini changa mukachigwiranso, mudzauluka ndinu."

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, ambiri akulambalala njira ya kwa NyaGondwe. Febby anawaperekeza mayiwo kwawo. Pabwalo panali mbwee miyala imene anthu anaitaya mwakachetechete popita kukaonera roketi, ina yaikulu moti Febby anadabwa kuti munthu anaisenza bwanji kudzagenda nkhalamba. Misozi inamulengeza. Anawerama n'kuyamba kuitola kuti akaitaye kungalande.

"Iwe, ukupita nayo kuti?" anafunsa NyaGondwe.

"Ndikataye, mama. Musamaione."

"Bwera nayo kuno. Khonde langali likukumbika ndi madzi a padenga. Chaka chonse ndakhala ndikuwapempha anyamata amenewa kuti anditutire miyala, onse ankati alibe nthawi. Lero abweretsa okha."

Ndipo azimayi awiriwo anagwada, n'kuyamba kuindandalika m'mphepete mwa khonde.