Mchombo wa Zoe

Amuna anga a Saulos ndi munthu wowerenga malamulo ngati Baibulo. Ngakhale kapepala ka m'bokosi la panado amakawerenga mpaka pansi. Ndiye tsiku limene mwana wathu Zoe anakwanitsa zaka 21, mu Malichi 1997, anzake akumupatsa makhadi ndi maluwa, bambo akewo anamupatsa envulopu ya bulauni yodzadza ndi mafomu.

Nkhani yake inali iyi. Zoe anabadwira kuno ku Birmingham mu 1976, nthawi imene mwana aliyense wobadwira m'dziko lino ankakhala nzika ya Britain basi. Koma poti ife makolo ake ndife Amalawi, nayenso anali Mmalawi. Paubwana zimenezo zinkaloledwa. Lamulo la kwathu linkati akafika zaka 21 asankhe: akane unzika wa dziko linalo, alumbire kuti ndi wa Malawi. Akapanda kutero, tsiku lokwanitsa zaka 22 Umalawi wake utha wokha. Palibe wobwera kudzakufunsa. Umangodzuka m'mawa uli mlendo.

"Why can't I keep both?" anafunsa Zoe, akutembenuza mafomuwo. Anatchula anzake a ku yunivesite, wina wa ku Ireland, wina wa ku Jamaica, onse a mapasipoti awiriawiri.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero a Saulos.

Ine ndinati, "Bambo a Zoe, musiyeni mwana adye keke yake."

Muwadziwe a Saulos. Anabwera kuno mu 1974 kudzaphunzira za uinjiniya, ine ndinawatsatira chaka chotsatira. Atamaliza, kwathu zinthu sizinali bwino kwa anthu olankhulalankhula ngati iwo, ndiye analowa ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Longbridge, ine n'kuyamba unesi. Zaka zonsezo pasipoti ya Britain anaikana, ngakhale anali oyenera kuitenga kalekale. Chaka chilichonse nyimbo yake yomweyo: chaka chamawa tikubwerera. Kalipeti wa pabalaza pathu ku Erdington anabooka mpaka matabwa kuonekera, iwo osalola kusintha, ati tisinthiranji tikunyamuka. Ndiye za mwana wawo mmodzi yekhayu kusiya kukhala Mmalawi, ayi ndithu, ankati ayambe afa.

Koma Zoe ku Malawi anali atapitako kamodzi kokha, mu 1995, milungu itatu. Mlungu umodzi anagona ndi malungo. Milungu inayo asuweni ake ankamuuza kuti anene "ng'ombe" kuti aseke. Kuno anali kumaliza digiri ya zamankhwala, ntchito inali ikumudikira kale pa sitolo ina ya mankhwala. Akanakana unzika wa Britain, akanasanduka mlendo mumzinda umene anabadwira, woyenera kupempha chilolezo cha izi ndi izo. Ndinawauza a Saulos zimenezi kangapo, mofatsa ndi mokalipa momwe. Kuuma mutu kwake, abale!

Chida chawo chachikulu chinali chimodzi. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ku Handsworth, tikumwa tiyi ndi ana asukulu ochokera kwathu, ankamugwira Zoe paphewa n'kunena mokweza kuti, "Uyu musamuone Chingerezichi. Ndi wa ku Dedza uyu. Mchombo wake uli ku Mayani, kuseri kwa nyumba ya agogo ake. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka." Anyamatawo n'kumaomba m'manja. Ine ndinkangoyang'ana m'kapu.

Miyezi inapita, envulopu ili pamwamba pa firiji. Kenako mu Febuluwale 1998, kutatsala milungu itatu kuti tsiku lija likwane, ndinabwera kuchokera ku shifiti ya m'mawa ndipo ndinamupeza Zoe kukhitchini, mafomu ali mbwee patebulo, cholembera m'manja. Maso anali ofiira. Anandiuza m'Chingerezi kuti watopa kuona bambo ake akuonda ndi nkhaniyi. Anati ngati n'zoona kuti kachidutswa ka thupi lake kanakwiriridwa ku Mayani, mwina adadi akunena zoona, mwina iye ndi wa kumeneko, akungolephera kumva mumtima. Anati asayina.

Ndinamulanda cholemberacho n'kumuuza kuti adikire bambo ake. Atafika, asanavule n'komwe jekete, ndinawakhazika pansi onse awiri n'kuulula, ndikusakaniza ndi Chingerezi kuti Zoe amve.

Kwathu mwana akabadwa, kamchombo kake kakauma n'kugwa, azimayi akuluakulu amakakwirira pakhomo, pamalo obisika, ndipo pamenepo ndiye kwawo kwa mwanayo. Zoe atabadwa tinkachita lendi kachipinda kamodzi ku Handsworth. Panalibe mayi, panalibe azakhali, ine ndili ndi zaka 22 zokha. Kamchomboko katagwa, a Saulos anati ndikatumize kwa amayi anga ku Mayani. Ndinakakulunga m'kansalu, n'kukaika mu envulopu, ulendo ku positi ofesi ya pa Soho Road, mwana kumsana. Mayi wa pakauntala anakhudza envulopuyo, anamva kuti muli kanthu, n'kundipatsa kapepala kobiriwira koti ndilembepo zimene zili m'katimo. Tandiuzani, ndikanalemba chiyani? Ndinaima pamenepo anthu akung'ung'udza kumbuyo kwanga. Ndinakumbukiranso kuti masiku amenewo makalata ochokera kunja ankatsegulidwa asanafike kwa mwini wake. Munthu wosamudziwa agwiregwire mchombo wa mwana wanga? Amayi ankanena kuti woipa mtima akaupeza, mwanayo sadzabereka. Ndinangoti pepani, n'kutuluka.

Kuseri kwa nyumba ija kunali kabwalo kakang'ono. Dothi linali gwaa ndi chisanu. Ndinawiritsa madzi m'ketulo, ndinathira pakona pafupi ndi mpanda, n'kukumba ndi supuni. Madzulo a Saulos atafunsa, ndinati ndatumiza. Ndinkadziwa kuti mkamwini sangafunse apongozi ake nkhani yotero, ndipo sanafunsedi mpaka amayi anamwalira.

Nditamaliza kufotokoza, a Saulos anandiyang'anitsitsa.

"Mayi a Zoe," anatero a Saulos, "zaka 22 mukundinamiza?"

"Eya, ndinakunamizani."

"Ine ndikuima pamaso pa anthu, kudzitama, inu mukungondionerera?"

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinati, "Nanga tsikulo inu munali kuti? Si munali ku laibulale? Munangolamula ngati bwana kuti tumizani, tumizani, munadziwa kuti zimatumizidwa bwanji? Ine ndinali mwana, ndekhandekha, manja akunjenjemera ndi kuzizira. Ndalakwa kubisa, ndavomera, manyazi ndili nawo. Koma mwana wanga sasayina chinthu chifukwa cha bodza langa. Akafuna kusayina asayine akudziwa zoona."

Masiku atatu tinkangodutsana m'nyumba ngati anthu a pa siteshoni. Chakudya ankadya, koma osanena kuti zikomo. Zoe naye sankadziwa kuti akwiyire ndani.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atavala suti ndi chipewa. Anati, "Mukandionetse." Galimoto yathu inali itafa mlungu umenewo, munthu wopanga magalimoto, ndiye tinakwera basi ya 11 atatu tonse, aliyense pampando wake.

Nyumba ija tinaipeza, chitseko chokha n'chimene anasintha utoto. Anatitsegulira mayi wina wachikulire wa ku Jamaica, dzina lake Mabel, atavala epuloni. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwina ankayesa tabwera kudzalalikira. A Saulos, munthu wodziwa Chingerezi cha m'mabuku, anayamba ndi za chaka cha 1976, za eni nyumba akale, kuzungulira uku ndi uku mpaka ine ndinawadula. Ndinangoti mayi, mchombo wa mwana uyu ndinaukwirira kuseri kwanuko, bambo ake akufuna aone malowo.

Ndinkayembekeza kuti atitsekera chitseko. Koma a Mabel anaseka mpaka kugwira khoma. Anati kwawonso amatero, wawo uli pansi pa mtengo wa kokonati umene agogo awo anadzala tsiku lomwelo. Anatilowetsa, kutidutsitsa kukhitchini, akufunsa chimene chatiyendetsa patapita zaka zonsezi. Zoe atawafotokozera za mafomu, mayiwo anadabwa. Anati iwo ali ndi mapasipoti onse awiri m'dirowa, palibe amene anawauzapo kuti asankhe. Anafunsa kuti dziko lanulo likuopa chiyani.

Kabwalo kaja anakawaka simenti konse. Pakona pamene ndinakumba panali bini ya zinyalala. Ndinaloza ndi chala, manyazi atandigwira. A Saulos anapita, anainyamula biniyo ndi manja awo, suti ili m'thupi, n'kukaiika pambali. Kenako anavula chipewa. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana simenti yonyowa, kamvula kakuwaza. A Mabel anabwerera m'nyumba mwakachetechete kuti atisiye.

Ine ndinkadikira kuti ayambe za malamulo, kapena anene kuti tiswe simentiyo. Ndinali nditakonzeka kale kukangana nawo. Koma atayankhula, anayankhula motsitsa, mofulumira, maso ali pansi.

"Mwanawe, mafomu aja usasayine. Ine ndimayesa ndikukuitanira kwanu, osadziwa kuti ndikukuchotsa kwanu. Ku Dedza uzikafika ngati mlendo. Si zoipa ayi. Mlendo timamuphera nkhuku, amadya chiwindi ndi nthutumba, amakhala pampando. Mwana wa pakhomo ndiye amatsalira mutu ndi zipalapasiro, pansi, pamkeka." Kenako anamaliza kuti, "Ine ndimafuna udzadye zipalapasiro."

Ine misozi inangoti chuu, sindibisa. Munthu ameneyu ndinakhala naye zaka zonsezo, ndinali ndisanamuonepo akugonja pa chilichonse.

Koma Chichewa cha Zoe ndi cha "tseka chitseko" ndi "bwera udye". Mawu enawo anamupita. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana ine.

"Mum, what did he say?"

Chibadwire chake Zoe, a Saulos anali asanamulankhulepo m'Chingerezi. Iye ankayankha m'Chingerezi, iwo ankapitiriza m'Chichewa, ati tsiku lina adzachifuna. Tsikulo anavala chipewa chawo, anatembenuka, n'kumuyankha okha.

"I said don't sign."

Za nkhukuzo sanamumasulire, ndipo inenso sindinamumasulire mpaka lero.