Chidendene cha Ibukinada

Chaka chimene Ibukinada anabwerera m'gulu lapamwamba la sumo, masewero olimbana a ku Japan, ine ndinali nditatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume. Bungwe la sumo silinyengerera munthu. Zaka zikakwana umachoka, ndipo nyumba yako ya sumo ikasowa woilowa, anyamata amagawidwa ku nyumba zina ngati ana amasiye. Ku nyumba yanga ya Kurehama, kutsidya kwa mtsinje wa Sumida, ndinali ndi anyamata asanu ndi anayi. Mwa onsewo, amene akanatha kulowa m'malo mwanga anali Ibukinada yekha, amene pakhomo tinkamutchula dzina la kwawo, Shunpei.

Kuti munthu alowe nyumba, dzina lake limayenera kuoneka ka khumi ndi kawiri pa mndandanda wa gulu lapamwamba. Shunpei anaoneka kasanu ali wachichepere, kenako mitsempha ya bondo lakumanja inaduka. Anatsika mpaka kumunsi, kumene amuna amadya zotsala ndi kutsuka misana ya anzawo, ndipo zinamutengera zaka zinayi kuti akwerenso. Pa chaka pali mipikisano isanu ndi umodzi. Chimene chinkafunika n'choti akhalemo chaka chonse, aonekenso pa mndandanda wa Januwale wotsatira. Anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Mu Januwale ku Tokyo, pa masiku khumi ndi asanu anapambana asanu ndi anayi. Mu Malichi ku Osaka anapambana asanu ndi atatu, amene ndi malire ake: ukachepera pamenepo umatsika. Mkazi wanga Fumie anayamba kukamba zopenta chipinda chapamwamba kuti Shunpei adzakhalemo akadzakwatira.

Mu Meyi, tsiku la khumi ndi chimodzi, anagwa kuchoka pamwamba pa bwalo, chimunthu cha ku Aomori chili pamsana pake. Anadzuka yekha, anawerama monga mwa mwambo, n'kuyenda mpaka kuseri osatsimphina. Atangolowa m'chipinda chovalira anasanza. Mpikisano umenewo anapambana asanu okha. Ku Nagoya mu Julayi, kutentha kuja kumene nsalu ya m'chiuno siuma, anapambana asanu ndi limodzi. Mu Seputembala asanu ndi awiri. Anapulumuka chifukwa amuna awiri apamwamba anapuma mwezi womwewo, ndipo mndandanda wa Novembala utatuluka, dzina lake linali lomaliza penipeni. Pansi pake panalibenso wina.

Tisananyamuke kupita ku Fukuoka ndinamuperekeza kwa dokotala. Anamupopa madzi achikasu m'bondo, majakisoni awiri odzaza.

"Bondo ili latha," anatero dokotalayo akuyang'ana ine, osati mwini wake. "Ndikalichita opaleshoni, chaka chathunthu sakwera bwalo. Ndikalisiya, tsiku lina lingopindikira kumbuyo."

"Lipindike mu Febuluwale," anatero Shunpei akumanga bandeji. "Pano lili ndi ntchito."

M'galimoto ndinamuuza kuti sindikumukakamiza.

"Oyakata, musandinamize," anatero, akunditchula monga anyamata amatchulira mwini nyumba. "Mwakhala mukuwerenga pa zala chiyambire Januwale. Ndimakuonani milomo ikuyenda."

"Ndimawerenga mbale za mpunga zimene umadya."

"Ndiye mwalakwitsa, ndimabisa ziwiri."

Tinaseka, koma pang'ono.

Ku Fukuoka tinkagona pa kachisi wina kunja kwa mzinda, monga chaka chilichonse. Ine ndinalinso ndi ntchito ya bungwe. Ndinali mmodzi wa oweruza, amuna asanu ovala zakuda amene amakhala pansi mozungulira bwalo. Woyimbira akaloza chokupizira chake kwa wopambana, ife timakhala chete ngati tikuvomereza. Wina akaona zosiyana amakweza dzanja, ndipo tonse timakwera pabwalo kukakambirana. Koma dzanjalo liyenera kukwera woyimbira asanatchule dzina la wopambana. Akangotchula, nkhani yatha.

Shunpei anapambana atatu oyamba, analuza anayi otsatana, kenako zinkangosinthana. Tsiku la khumi ndi chinayi litatha anali ndi asanu ndi awiri opambana, asanu ndi awiri oluza. Okonza ndandanda anamupatsa Tetsuarashi, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zitatu wa m'gulu lachiwiri, amene anali atagwetsa amuna khumi ndi mmodzi m'sabata ziwiri. Aliyense anamva tanthauzo lake: malo ndi amodzi, wopambana awatenga.

M'mawa wa tsiku lomaliza, Fumie akundiveka chovala chakuda, anandifunsa kuti ndikhala poweruza nthawi yanji.

"Theka loyamba la gulu lapamwamba."

Manja ake anaima pa lamba, poti Shunpei ankalimbana nthawi yomweyo. "Simungasinthane ndi wina?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti ndikuopa kuona mwana wanga?"

"Nenani kuti m'mimba mwavuta, Bambo. Amuna anzanu amatero."

Sindinasinthe. Ndinakhala mbali ya kum'mawa, mawondo atatsala pang'ono kugunda dothi la bwalo. Kunja kwa chingwe cha udzu chimene chimazungulira bwalo amathirako mchenga wosalala, ndipo amausesa nthawi zonse anthu asanalimbane, kuti phazi likaponda kunja lisiye chizindikiro. Woyamba kuponda kunja, kapena kugunda pansi ndi chiwalo china chosakhala phazi, ndiye waluza. Mchenga umenewo unali pamaso panga, kutalika kwa mkono umodzi.

Shunpei anakwera osandiyang'ana. Bondo linali lokulungidwa mpaka lakula ngati mutu wa mwana. Anawaza mchere pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse. Tetsuarashi anatapa wodzaza dzanja n'kuuponya m'mwamba, anthu n'kuwomba m'manja.

Atagundana, phokoso la mitu linamveka mpaka kumipando yapamwamba. Shunpei anagwira nsalu ya mnyamatayo ndi dzanja lamanzere, koma lamanja linatsekeredwa. Mnyamatayo anayamba kumukankha, phazi limodzi, lachiwiri, molunjika kwa ine. Ndinaona msana wa Shunpei ukukula. Zidendene zake zinafika pa chingwe cha udzu n'kuima. Ndinkamva mpweya wake. Bondo lija linkanjenjemera moti bandeji inayamba kumasuka. Anapirira pamenepo nthawi yaitali kuposa imene munthu wa bondo limodzi angapirire, kenako anatsitsa chiuno, ananyamula mnyamatayo pamimba, n'kudzipotokola kumanzere.

Pamene ankapotokoka, chidendene chakumanja chinatsetsereka pa udzu n'kukhudza mchenga wakunja. Sichinaponde, chinangokhudza, n'kusiya kadzenje ngati ka chala chachikulu. Kenako onse awiri anagwa, Tetsuarashi pansi, ndipo ntchafu ya Shunpei inakhula pa mchenga uja n'kufufuta zonse.

Woyimbira analoza chokupizira kwa Shunpei. Holo yonse inaphulika.

Ndinayang'ana oweruza anzanga. Manja onse anali pa mawondo. Wa kumadzulo anatchingidwa ndi matupi, awiri a mbali ina anatchingidwa ndi woyimbira, ndipo mkulu wathu, a Nagisawa, anali atayamba kale kulemba pa kapepala kawo. Palibe anaona. Shunpei ankadzuka pang'onopang'ono, mchenga uli mbali yonse. Tetsuarashi anali akubwerera kumbali yake, mutu uli pansi. Panatsala kuti awerame, Shunpei anjute, woyimbira atchule dzina.

Sindinganene kuti ndinaganiza za chilungamo. Ndinaganiza za Kenta, mnyamata wanga wonenepa amene sakanalandiridwa bwino ku nyumba ina iliyonse. Ndinaganiza za penti ya Fumie. Dzanja langa linkalemera ngati la munthu wina. Shunpei anafika pamalo pake, anayamba kupinda bondo labwino lija, woyimbira anatembenukira kwa iye n'kutsegula pakamwa.

Ndinakweza dzanja.

Phokoso linasintha, linakhala ngati la mvula ikamabwera patali. Tinakwera pabwalo tonse asanu.

"Kurehama," a Nagisawa anatero motsitsa mawu, akunditchula dzina la nyumba yanga, "wakweza dzanja ndiwe? Ukudziwa amene wapambana?"

"Chidendene chake chinakhudza kunja."

Tinapita kukaona mchenga. Panali mkhwekhwe waukulu wa ntchafu, basi. A Nagisawa anagwira kachipangizo ka m'khutu n'kumvetsera anthu a m'chipinda cha kanema. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Akuti mkanjo wa woyimbira watchinga. Kanema wina akuonetsa chidendene chikutsika, koma sakuonetsa ngati chafika." Anandiyang'ana. "Palibe amene angakutsutse ukanena kuti maso anakunamiza. Tonse takalamba."

"Chinafika."

"Chabwino. Nanga dzanja la mnyamatayo? Linagunda pansi chidendene chisanafike, kapena pambuyo?"

Ndinafuna kunena kuti linayamba ndi dzanja. Mawuwo anali okonzeka pa lilime.

"Dzanja sindinalione. Linali kuseri kwa thupi."

Woweruza wa kumadzulo anati iye anaona dzanja koma osati phazi. A Nagisawa anapumira m'mwamba, anatsika, anatenga chokuzira mawu n'kulengeza kuti awiriwo anatuluka nthawi imodzi, alimbanenso.

Anthu anakondwa, chifukwa kwa iwo inali mphatso. Ndikubwerera pamalo panga ndinadutsa pafupi ndi Shunpei, amene anaima pansi pa bwalo akudikira. Apa m'pamene anandiyang'ana. Phazi lakumanja silinkaponda lonse, linkangokhudza pansi ndi zala.

Anasesanso mchenga. Awiriwo anakwera, anawaza mchere, ananjuta. Tetsuarashi anali atafiira khosi lonse, nkhonya zili kale pansi, ngati ng'ombe imene yaona chipata chotseguka. Shunpei anachedwa. Anatsitsa nkhonya imodzi, kenako inayo.

Mnyamatayo anauluka ndi mutu. Shunpei sanalipo. Analumphira kumanzere ndi mwendo wabwino, anamenya mnyamatayo pa chikosi ndi manja onse awiri, ndipo Tetsuarashi anagwa chafufumimba pakati pa bwalo. Sizinathe ngakhale sekondi imodzi.

Malamulo saletsa kuzinda, koma anthu amene alipira mpando kuti aone amuna akugundana sakhululuka. Holo inabuula. Wina kumwamba anakuwa kuti, "Wamantha." Wina anati, "Bwerera kwa amayi ako." Kumbuyo kwanga mayi wina wachikulire anangoti, "Zamanyazi," mofatsa, ngati akuuza mnzake nthawi. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zimene Shunpei analimbana, anali asanazindepo munthu. Woyimbira anatchula dzina lake. Palibe anakweza dzanja.

Pa phwando lotsekera mpikisano madzulo ake, Shunpei anazungulira matebulo kuthokoza otithandiza, akuwathirira mowa, akumwetulira. Tebulo langa analidumpha.

Tinayankhulana m'mawa mwake. Anyamata ankalongedza miphika ndi zofunda m'lole, ndipo iye anakhala pakhonde la kachisi, mwendo uli m'chidebe cha madzi oundana. Nyuzipepala inali pambali pake, yopindidwa. Ndinakhala pansi.

"Munaona chiyani, Oyakata?"

"Chidendene."

"Chinakhudza," anatero. "Phazi ndi langa, ndinamva mchenga."

"Ndiye ukudziwa."

"Ndikudziwa kuti koyamba kaja ndinalimbana kuposa tsiku lililonse la moyo wanga. Ndinamunyamula ndi mwendo umodzi. Anthu akanakumbukira zimenezo." Anagogoda nyuzipepala ndi chala. "Pano akumbukira izi. Mukanangoyang'ana kumbali kamphindi kochepa."

"Sindinakuuze kuti uzinde."

"Ayi, simunandiuze. Munangondibwezera pabwalo ndi mwendo wakufa, kutsogolo kuli mwana wolemera makilogalamu zana ndi makumi asanu ndi awiri. Mumafuna nditani, ndimupsompsone?"

Kenta anadutsa atasenza mpunga, anationa, n'kubwerera njira ina.

"Mukanakhala inu pamwamba paja," anatero Shunpei, "mukanazinda?"

"Sindikudziwa."

"Ine ndikanakhala pansi paja, dzanja sindikanakweza. Ndikukuuziranitu, kuti mudziwe munthu amene mukumusiyira nyumba."

Anatulutsa mwendo m'chidebe, anaupukuta, n'kuitana mnyamata kuti amugwire podzuka.

Mndandanda wa Januwale unatuluka kumapeto kwa Disembala. Dzina la Ibukinada linalipo, lachiwiri kuchokera pansi. Analimbana masiku atatu, analuza onse, ndipo tsiku lachinayi ndinapereka kalata ya dokotala. Sanakwerenso bwalo. Tetsuarashi analowa m'gulu lapamwamba mu Malichi, ndipo ali momwemo mpaka lero.

Nyumba ya Kurehama ndi ya Shunpei tsopano, ili ndi anyamata khumi ndi anayi. Ine ndi Fumie tinasamukira ku Chiba, kufupi ndi mchemwali wake. Kamodzi pamwezi ndimakwera sitima kukaonera anyamata akuchita masewero a m'mawa. Shunpei amandilandira pakhomo, amandipatsa khushoni pambali pake, ndipo timakambirana za chiuno cha uyu ndi ulesi wa uyo. Amayenda ndi ndodo nyengo yozizira. Za ku Fukuoka sitinakambiranenso, ndipo ndikamanyamuka amatuma mnyamata kuti andiperekeze ku siteshoni.